Wosambitsa Bambo Ndani?

Mayfair, Joni
12 Meyi 2024

Okondedwa amake Sumayyah,

Assalamu alaikum. Muli bwanji inu ndi mwana wathu? Nanga bambo akudzuka bwanji masiku ano, mkono uja wayamba kugwedezeka? Ine kuno ndili bwino, Alhamdulillah, kungoti milomo yasweka ndi mphepo.

Mudabwa kuti ndalemba kalata foni ilipo. Pafoni mumangondiyankha "eya" ndi "ayi" chifukwa khoma la chipinda cha bambo silifika kudenga, ndipo sitiroko ija inawagwira mkono, mwendo ndi lilime, makutu inawasiya. Ndiye nkhani za thupi lawo tizilemberana. A Frank oyendetsa katundu aja azikusiyirani makalata pa Wenela, yankho muziwapatsa omwewo.

Ntchito ndaipeza. Ndikusamalira nkhalamba ina ya Chimwenye, a Suhail, nawonso ndi sitiroko ngati bambo. Anandilemba ndi mwana wawo wamkazi, Tasnim. Ntchito yaikulu ndi kuwasambitsa. Ndimawakhazika pampando wa pulasitiki m'shawa, madzi ndimayamba ndawayesa ndi chigongono, kenako kupukuta bwinobwino m'khwapa, m'mapindiko monse ndi pakati pa zala. Nesi amene anandiphunzitsa akuti wokalamba akasamba thupi lonse kawiri kapena katatu pa sabata zakwana, poti khungu lawo limauma msanga. Koma akuti wogona pabedi, malo obisika azipukutidwa tsiku ndi tsiku, akadziipitsira azitsukidwa nthawi yomweyo, ndipo azitembenuzidwa pafupipafupi kuopa zilonda. Zinazo ndinamvera, koma za katatu pa sabatazo ndinangoseka chamumtima. Ine mwana wa ku Mbayani, komwe wosasamba m'mawa ndi madzulo timamuthawa mu minibasi! A Suhail ndimawasambitsa tsiku lililonse, ndikawadzoza mafuta amachita kuwala.

Koma anthu akuno, amake mwana! Kukangozizira, madzi amakhala mdani wawo. Munthu wovala bwino ndithu, suti ndi tayi, wangodzithira perefyumu pamwamba pa thukuta la dzana. Mu tekisi ndimapuma ndi pakamwa.

Tsopano za bambo. Mukukumbukira kuti tsiku ndinkanyamuka, achimwene a Nizam analonjeza pamaso pa amalume a Abdulmalik kuti m'mawa uliwonse, pochoka ku Namiwawa kupita ku galaja yawo ku Ginnery Corner, azidzera kwathuko kudzasambitsa bambo. Inu yanu ndi kutenthetsa madzi pambaula, kuika beseni pakhomo la chipinda, n'kutuluka panja. Mpongozi saona thupi la apongozi ake, zimenezo sindingachite kukuuzani. Mayi akanakhala moyo bwenzi tisakuvutika chonchi.

M'chikwamamo muli sopo, mafuta odzola, matawulo awiri ndi pulasitiki yoyala pansi pa nsalu yogonera. R800 ili m'kati mwa thawulo lobiriwira, ya makala ndi madzi a pakiyosiki. Musaumire madzi. Nsapato za Sumayyah mwezi wamawa.

Ndine mwamuna wanu,
Habib


Mayfair
16 Juni 2024

Amake Sumayyah,

Assalamu alaikum. Ndikhulupirira chifuwa cha mwana chatha. Ine ndili bwino m'thupi, mumtima ayi. Kalata yanu ndaiwerenga katatu.

Lachisanu lokha? Nizam akubwera Lachisanu lokha? Ndiye mukuti akafika amaima pakhomo atagwira makiyi a galimoto, kupukuta bambo kumaso ndi m'manja, basi n'kumapita? Asa! Akuti wawerenga pafoni kuti okalamba safunika kusamba tsiku lililonse, ndipo ndi chiperonichi angadwale chibayo. Wawerenga mzere umodzi wokomera ulesi wake. Foni yomweyo siinamuuze kuti munthu wodzikodzera pabedi sasiyidwa mpaka Lachisanu? Chiperoni chinayamba lero pa Blantyre? Mbaula ndinagulira chiyani?

Munthu amene akumuchita zimenezi ndi a Abdala, bambo athu. Zaka zonse ankayendetsa lole, koma nthawi ya swala ikakwana ankaimika pambali pa msewu, kutsika ndi chigubu chawo n'kupanga wudhu, kutsuka m'manja, kumaso ndi kumapazi, ngakhale pa fumbi la ku Zalewa. Ife tili ana ankatinunkhiza m'khosi tisanapite kusukulu, ndipo wopezeka kuti wangonyowetsa nkhope ankabwerera kubafa ndi khutu lofiira. Amene ankabwezedwa kwambiri ndi Nizam yemweyu. Lero wapeza pobwezera.

Ndamuimbira, sakuyankha. Ndamulembera uthenga, wandiyankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu. Ine wamng'ono wake ndi amene ndinakhala ndi bambo kuyambira tsiku anagwa, kuwanyamula, kuwatsuka, iye akutumiza zipatso ndi dalaivala. Lole ya bambo anagulitsa ndi iye n'kutsegulira galaja. Ine ndinachoka chifukwa m'nyumba munalibe ufa. Ndinamupempha chinthu chimodzi chokha, beseni limodzi m'mawa.

Pakadali pano muziika beseni ndi kansalu pafupi ndi dzanja lawo labwinolo, adzipukute pomwe angafike. Muwapemphe a Kingsford oyandikana nafe aja azibwera kudzawatembenuza akaweruka kuntchito, koma asawavule. Si m'bale wathu, bambo angachite manyazi.

Kuno kukuzizira mpaka madzi kuundana m'mapaipi. Tinali anayi m'chipinda, tsopano tili atatu. Mnzathu wina anapita kukagula buledi Lamlungu lapitali, sanabwerenso. Za iye ndidzakuuzani tikadzaonana, ndipo mayi ake akakufunsani pamsika munene kuti simukudziwa.

Ndatumiza R600 ndi nsapato zija. Nizam aona polekera, Wallahi.

Habib


Mayfair
14 Julayi 2024

Amake Sumayyah,

Assalamu alaikum. Moni kwa mwana, ndipo bambo muwagwire dzanja m'malo mwanga. Ine ndili bwino.

Ndimveni bwino pa nkhani iyi, musandikhotetsere. Mwalemba mosangalala kuti Nizam watumiza Ackim, bambo wosamalira maluwa kunyumba kwake uja, kuti azibwera m'mawa uliwonse kudzasambitsa bambo. Mukuti ndi munthu waulemu, amagogoda, ali ndi manja ofewa, ndipo m'chipinda mwayamba kumveka sopo. Ine sindinasangalale ngakhale pang'ono. Mawa akabwera mum'bweze pachipata.

A Abdala anabereka ana aamuna awiri. Wina ali kutali, wina ali pamphuno pomwepa ndi galimoto yake. Ndiye thupi lawo lizivulidwa ndi munthu wothirira kapinga? Nizam watsukitsa galimoto, watsukitsa galu wa alonda, bambo wawaika pa mndandanda womwewo wa ntchito za Ackim. Ndipo ndikumudziwa mkulu wangayu. Lachisanu akaima pakhomo la mzikiti atavala mkanjo woyera n'kumauza anthu kuti, "Mdala tikumusamalira, ndinamuikira munthu." Anthu azimugwira dzanja. Ayi, zimenezo sizitheka ine ndili moyo.

Chimene ndikufuna ndi ichi. Ackim abwerere. Lachisanu likubwerali anthu akamatuluka ku swala ya Jumu'ah, mutume uthenga kwa amalume a Abdulmalik kuti abwere ndi akuluakulu awiri kapena atatu kudzazonda bambo. Musafukize lubani, musatsegule zenera. Alowe, akhale pansi, apume mpweya umenewo. Akafunsa, inu mungoti, "Amene analonjeza kuwasambitsa ndi a Nizam." Osawonjezera kanthu. Ndikufuna ayaluke kuyambira ku Mbayani mpaka ku Limbe, akabwere yekha atakwinya manja a malaya.

Ndikudziwa kuti bambo avutika masiku ochepa. Mtima ukundiwawa kuposa inu. Koma tikalola za Ackimzi, Nizam sadzagwiranso beseni mpaka kalekale.

A Suhail dzana anandigwira tsaya ndikuwapukuta kumsana, n'kunena mawu ena m'chilankhulo chawo. Tasnim akuti amati "mwana wanga". Ana awo aamuna amabwera Lamlungu, kuwapsompsona pachipumi, kudya biriyani, n'kumapita. Kubafa sanalowemo n'kamodzi komwe. Anthu ena alibe manyazi.

Mwezi uno ndatumiza R500 yokha. Ina inapita kwa anthu ena amene ndinakumana nawo pamsewu, ovala yunifolomu.

Habib


Mayfair
11 Ogasiti 2024

Amake Sumayyah,

Salamu. Ndili bwino.

Mwandifunsa kuti kodi ine kuno si Ackim wa a Suhail? Mawu amenewo musadzawabwerezenso. Ine ndi nkhani ina. Ine ndikufuna chakudya cha inu ndi mwana.

Akuluakulu aja anabwera, anapuma mpweya uja, ndiye mukuti amalume atatuluka anakuyang'anani inuyo n'kunena kuti m'nyumba mukufunika ukhondo? Za Nizam anangoti akambirana naye? Inde, amalume matayala a galimoto yawo amasinthitsa ulere ku Ginnery Corner, ndinaiwala. Ndipo Nizam tsopano wasiyiratu ngakhale Lachisanu, akuti poti munthu wake tinamuthamangitsa, tidziwa tokha chochita.

Asatiopseze. Akuyesa kuti titopa. Limbani mtima sabata imodzi kapena ziwiri, ndamuimbira shehe wa mzikiti wathu ndipo walonjeza kuti amuitanitsa.

Mwatchula kuti a Kingsford powatembenuza anaona pofiira m'munsi mwa msana, ndipo nsalu imamatirira. Nesi wathu wandipatsa mankhwala opaka ndi mabandeji, zili m'chikwamamo. Pamafunika kutsuka ndi madzi a mchere pang'ono tsiku lililonse, kupukuta, kupaka, n'kuwagoneka chammbali. Mumuuze Nizam zimenezi, mumusonyeze mankhwalawo m'manja. Ngati ali ndi magazi a bambo m'thupi mwake abwera.

Habib


Mayfair
15 Seputembala 2024

Marwa mkazi wanga,

Assalamu alaikum. Sindikudziwa poyambira. Thupi lili bwino, koma chiwerengereni kalata yanu chakudya sichikulowa.

Ndiye kuyambira sabata imene mankhwala anafika, wosambitsa bambo ndinu. Mwezi wathunthu, m'mawa ndi madzulo, mutatseka chitseko, mwana mutamutumiza kwa a Kingsford. Mukuti Nizam mankhwala anawayang'ana n'kunena kuti muwatengere kuchipatala, ndipo mutabwerera m'chipinda munapeza ntchentche pansalu. Mukuti munaima ndi beseni pakhomo nthawi yaitali, kenako munati, "Bambo, mundikhululukire, tsekani maso," n'kulowa.

Ndinafuna kukukalipirani. Ndinalemba tsamba lonse, ndalitaya. Ndikalipira chiyani? Bala linali lalikulu ngati chikhatho, lero mukuti latseka, khungu lamera. Manja anu Mulungu awadalitse.

Koma zinazo zandipha. Mukuti mukalowa ndi madzi amadziphimba kumaso ndi dzanja lawo labwinolo mpaka mutatuluka, ndipo misozi imatsikira m'makutu. Mukuti chiyambireni sakuyang'anani m'maso, ndipo phala mukawapatsa amatembenukira kukhoma. Munthu amene ngakhale ife ana ake sitinamuonepo wopanda malaya pabwalo! Akudzipha ndi njala chifukwa cha manyazi, Marwa. Ndipo amene wawafikitsa pamenepa ali ku Namiwawa, m'nyumba ya mabafa atatu, akusamba madzi otentha otuluka okha m'khoma.

Ndinadzitsitsa, ndinamuimbira pa nambala ya Tasnim kuti ayankhe. Ndinati, "Achimwene, chabwino, Ackim abwere." Anaseka. Akuti Ackim anapita kwawo ku Thyolo mwezi watha, ndipo wina sangamupeze msanga. Ndinati, "Nanga inuyo?" Akuti, "Iwe ndi amene umadziwa kusambitsa nkhalamba, kwera basi." Anadula.

Basi ndikanakwera lero lomwe. Koma masiku a m'pasipoti mwanga anatha kalekale, ndipo ndikatuluka pachipata sindidzaloledwanso kulowa kwa zaka. Ndiye tidzadya chiyani? Pali munthu wina akuti angakonze mapepalawo, ndikudikira.

Za kusambitsazi asamve munthu. A Kingsford asadziwe, akazi a kumadrasa asadziwe, ngakhale mayi anu. Zikamveka, pa Mbayani simudzayendanso mutu uli m'mwamba, ndipo dzina la bambo lidzakhala nthabwala pakiyosiki.

Tsopano mvetsetsani. Ngati Mulungu angawatenge ine ndisanafike, mukawauze amalume kuti mawu anga ndi awa: posambitsa maliro Nizam alowe. Asaime panja n'kumalandira anthu. Alowe, avule wotchi, athire madzi ndi manja ake, awatembenuze, aone nthiti zimene zatuluka ndi chipsera chimene chili kumsanako. Anakana kuwasambitsa amoyo, adzawasambitsa ali chete. Ndikufuna akatuluke m'chipinda chimenecho manyazi atamugwira anthu onse akuona.

Yesani phala la mpunga lothira mkaka, ankalikonda. Muwauze kuti Habib akubwera.

Habib


Mayfair
20 Okutobala 2024

Marwa,

Assalamu alaikum. Inna lillahi wa inna ilaihi raji'un. Ndikhulupirira inu ndi Sumayyah mwapumulako, alendo atachepa. Ine ndilipo.

Foni yanu ija inalira ndili m'shawa ndi a Suhail, sopo ali m'manja. Sindikanawasiya pampando okha, angagwe. Ndinamaliza, ndinawapukuta, ndinawaveka, kenako ndinakuimbirani n'kumva kuti bambo atisiya. Pamene dzuwa linkapendeka bambo anali atalowa kale m'manda. Sindikudandaula, ndi mwambo wathu, maliro sagona. Tasnim anandipatsa tsiku limodzi lopuma ndipo ndinalithera nditakhala pabedi.

Mawu anga munawafikitsa, zikomo. Nizam analowa, anavula wotchi, anathira madzi. Zonse zinachitika monga ndinafunira. Zotsatira zake ndazimva kwa anthu anayi osiyana, aliyense akundiimbira kuti andisangalatse.

Mukudziwa lamulo la osambitsa maliro: choipa chimene waona pathupi sunena, chabwino umanena. Ndiye amalume atatuluka anaima pakati pa anthu n'kunena kuti asambitsapo maliro ambiri a anthu ogona nthawi yaitali, koma thupi losamalika ngati la a Abdala sanalionepo. Loyera, lodzozedwa mafuta, zikhadabo zowengedwa, bala lomwe linalipo lopola bwinobwino. Akuti anabwera mu Julayi anapeza zinthu sizili bwino, analankhula ndi mwana wamkulu, ndipo taonani mwanayo anamva. Akuti, "Nizam, Mulungu akulipire, bambo ako wawasunga." Shehe naye pa ulaliki anati achinyamata atengere chitsanzo, osati kuthawira kunja n'kusiya makolo. Dzina langa sanatchule, koma pa Mbayani ndani sadziwa kuti a Abdala anali ndi ana awiri?

Ndipo iye anangoweramitsa mutu n'kulandira! Anthu anapanga mzere kumugwira dzanja. Inu muli kuseri ndi azimayi, mukutsuka mbale.

Marwa, ndinatenga foni kuti ndiimbire amalume. Nambala ndinaipeza, chala chili pamwamba. Ndikanangonena mawu ochepa, Nizam akanatha pa Blantyre ponse. Koma akanandifunsa kuti, "Nanga ankawasambitsa ndani?" Ndikanayankha chiyani? Kuti ndimugwetse iyeyo ndiyenera kukuvulani inu pagulu, ndi kuwavula bambo ali m'manda. Ndinaibweza foni m'thumba. Iye akudziwa kuti sindinganene, n'chifukwa chake dzulo anandiimbira yekha, koyamba chichokereni ine, kundiuza kuti zonse anayendetsa bwino, ndisadandaule. Ndinati, "Zikomo achimwene." Lilime langa linawawa ngati ndaluma tsabola.

Mwalemba kuti usiku wawo womaliza analola masipuni awiri a phala, ndipo mutamaliza kuwapukuta anachotsa dzanja kumaso n'kugwira lanu. Ndimawerenga pamenepo m'mawa uliwonse. Ackim uja ndinamubweza ndine, sindinaiwale, ndipo simunandikumbutse n'kamodzi komwe. Beseni lija musalipereke kwa munthu.

Ndatumiza R1,000 ya sadaka ya masiku makumi anayi. Nizam akafuna kugula mbuzi musamuletse, agule, adyetse anthu, amutamande. Akabwera kunyumba mum'patse mpando ndi tiyi.

Ine ndasiya kumufunira ngozi ya pamsewu. Tsopano ndimamupempherera moyo wautali. Ali ndi shuga, ali ndi BP ngati bambo, ndipo ana ake onse ndi aakazi. Tsiku lidzafika adzagona chagada, lilime litalemera, akuyang'ana kudenga. Ndikupempha Mulungu andisungire manja awa ali ndi mphamvu. Sindidzatuma wantchito. Ndidzabwera ndekha ndi beseni, m'mawa ndi madzulo, tsiku lililonse osaphonya. Ndidzamuvula, ndidzamutsuka monse, ndidzamudzoza mafuta, ndipo sindidzamuuza kanthu. Akadzafuna kudziphimba kumaso, dzanjalo ndidzalichotsa.

Mwamuna wanu,
Habib